Chibaba cha a Mwakalinga

Loweruka lapitali tinali kumanda ku Kaporo, kuvundukula chiliza cha a Gideoni Mwakalinga. Patha chaka chimwalirireni. A pabanja anandipempha kuti ndilembe mbiri ya malemuwo ndi kukaiwerenga pamwambopo, poti ndine mphunzitsi, komanso ndakhala m'nyumba yawo ya lendi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinalemba masamba atatu. Lachisanu masana mwana wawo wamkazi, Tumpale, amene ndi namwino ku Mzuzu, anabwera kusukulu kudzaona zimene ndalemba. Anawerenga chiimirire. Atamaliza anatola cholembera changa chofiira, chochongera ntchito ya ana, n'kukhwatcha tsamba lonse lachiwiri kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Za fodyazi ayi, aphunzitsi. Tata anthu anawanena mokwanira ali moyo."

"Koma ndalemba kuti anasiya."

"Mukangotchula fodya, anthu amva fodya basi. Zoti anasiyazo sazimva."

Sindinalimbane naye. Loweruka ndinawerenga zotsalazo: kumene anabadwira, chaka chimene anakwatira, ana amene anabereka, ndiponso kuti ndiwo anatsegula chigayo choyamba cha mpunga m'mudzi mwawo. Anthu anagwedeza mitu, azimayi anayimba, tinabalalika. Koma munthu amene ndinawerengayo ine sindikumudziwa. A Mwakalinga amene ndinkawadziwa anali patsamba lokhwatchidwalo. Anali munthu amene anasiya kusuta zaka makumi awiri ndi zitatu asanamwalire, koma sanathe tsiku ndi limodzi lomwe osaifuna ndudu.

Ndinafika ku Kaporo kuchokera ku Dowa ndi chikwama ndi matiresi. Pasukulupo nyumba za aphunzitsi zinali zodzaza, ndiye ahedi ananditengera kuchigayo, ati mwiniwake ali ndi kanyumba kumbuyo. Tinapeza bambo wamtali, fumbi la mpunga litamuyeretsa mpaka nsidze, akutafuna kanthu. Anandipatsa moni m'Chinkhonde, ine kakasi. Ataona kuti sindikuyankha anatembenukira ku Chichewa chawo cholemera chija.

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Dowa, bambo."

"Bambo anu amalima fodya?"

"Amalima."

"Ndiye sukulu yanu ndinakulipirirani ndine. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikuotcha fodya wa kwanu." Anandiyang'ana zala, kenako milomo. "Inuyo mumasuta?"

"Ayi."

"Nyumba ilipo. Tsiku limene mudzayambe, mudzatulutse katundu musanayatse machesi."

Ahedi anaseka. A Mwakalinga sanaseke.

Chimene ankatafuna chija ndinachidziwa pambuyo pake. Anali karafuu, timbewu takuda tonunkhira timene ankagula kwa amayi a ku Tanzania pamalire a Songwe. Ankatisunga m'thumba la malaya la pachifuwa, momwe kale munkakhala paketi ya ndudu. Dzanja linkapita lokha m'thumbamo, ngakhale ali pakati popemphera, ngakhale akumanga lamba wa injini. Karafuu akatha ankatafuna nzimbe, nzimbe ikasowa ankatafuna phesi la mpunga. Mano akutsogolo anaperepeseka ndi kutafunako. Machesi sankawakhudza n'komwe. Kukafunika kuotcha zinyalala ankaitana mkazi wawo, a NyaKayira, kuti adzayatse, iwo ataima patali manja kumbuyo.

Akadya sankakhala pansi. Nthongo yomaliza ili m'kamwa ankanyamuka, n'kuyamba kuyenda m'mizere ya pakati pa minda ya mpunga, kukafika kumtsinje n'kubwerera. Ankachita zimenezi ngakhale pakhomo pali alendo. Tsiku lina anasiya akuchikazi a mwana wawo wamwamuna atakhala pamkeka, mbalagha, nthochi zophika ndi nyama ya ng'ombe, isanathe m'mbale, a NyaKayira n'kutsala akupepesa. Alendowo anapita kwawo akunena kuti bambo uja ndi wamwano. Sanali mwano. Ankati palibe nthawi imene chibaba chimamugwira munthu pakhosi ngati akangokhuta chakudya chabwino, ndipo akakhala pansi mphindi zisanu ndiye kuti wagonja.

Panalinso nthawi zina zimene ankaziopa. Ankaopa mvula yoyamba, fungo la dothi lija likakwera. Ankaopa madzulo injini ikangozima, makutu akadali kulira, manja alibe chogwira. Ankaopa maliro, chifukwa kumanda amuna okumba amapatsirana ndudu imodzi kuzungulira dzenje. Ankawakalipira anthuwo, ati mulibe ulemu ndi malemu. Koma ine ndinaona chinthu chimene ena sanaone: akamaliza kukalipa ankakaima mbali imene mphepo ikupita, utsi uja n'kumawadutsa kumaso. Ankaima pamenepo maso ali pansi, mphuno zikutukuka.

Mamawa ena ankagogoda pakhomo panga ndisanapite kusukulu, nkhope ili gwa.

"Aphunzitsi, ndasutanso."

Ulendo woyamba ndinadzidzimuka. Kenako ndinazolowera kuti akunena za kutulo. Ankalota atakhala pathumba la mpunga akusuta chingambwe chachikulu, chokoma, mpaka chala kupsa. Akadzuka ankanunkhiza zala zawo kuti atsimikize. Tsiku lotero kunyumba kwawo kunkavuta. Sankadya, ndipo aliyense wodutsa pafupi ankalandira mawu.

Za chibabazi sankakamba ndi anthu ambiri, koma kwa ine ankamasuka, mwina poti ndinali mlendo. Ankati anthu amakuombera m'manja tsiku limene wasiya, kenako amapita kwawo, iwe n'kutsala nacho wekha. Ankati amene amanena kuti chimatha pakapita miyezi itatu sanasutepo, chifukwa icho sichifa, chimangophunzira kudikira. Koma ankatinso chili ndi malire ake: chikabwera sichikhalitsa kuposa nthawi yopunthira ndowa imodzi ya mpunga. Ndiye chikawagwira ali kuchigayo ankalanda ndowa kwa mayi aliyense amene ali kutsogolo, kuthira okha m'chigayo, n'kuima chilili kuyang'anitsitsa mpunga woyera ukutuluka. Ndowa ikatha ankapumira m'mwamba, n'kubwerera pampando wawo. Azimayi a ku Kaporo ankaganiza kuti bamboyo sakhulupirira antchito ake. Sankadziwa kuti mpunga wawo ndi umene ukumusunga munthu.

Sindikufuna kuwapaka mafuta. A Mwakalinga anali ovuta kukhala nawo. Antchito pachigayo sankatha chaka. Ana awo aamuna awiri atangokula anasamukira ku Karonga kuboma, ndipo ankabwera pa Khrisimasi pokha. Tsiku lina ndikuchapa kuseri ndinamva a NyaKayira akulankhula pakhonde m'Chitumbuka chawo, mosakweza mawu, ngati munthu amene waganiza nthawi yaitali.

"Awiske Tumpale, mwamuna wa fodya uja anali wabwino. Ankaseka, ankaimba, ankabwera ndi nsomba. Uyu wa karafuuyu sindikumudziwa. Bwenzi mutangosuta, tipumeko."

A Mwakalinga ananyamuka. Anapita kuchigayo, n'kuliza injini popanda mpunga ndi njere imodzi yomwe. Inalira yopanda kanthu mpaka dizilo anatha.

Komabe ndi a NyaKayira omwewo amene anandiuza chimene anasiyira, chifukwa eni akewo sankaikamba nkhaniyi. Tumpale ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ankadwala mphumu. Tsiku lina m'nyengo ya dzinja inamugwira koopsa, msewu utadzaza madzi, njinga yosatheka kuyenda. Bambo ake anamubereka kumsana, kudutsa m'madzi ofika m'chiuno mpaka kuchipatala chaching'ono. Atamugoneka pabedi, dokotala anawayandikira, n'kubwerera m'mbuyo.

"Bambo, vulani malayawo mukaime panja. Mwanayu akulephera kupuma, inu mwamubereka ulendo wonsewu ndi fungo limeneli?"

Anatuluka chifuwa chili pamtunda, n'kukaima pakhonde pakati pa azimayi odikira sikelo. Dzanja linapita lokha m'thumba la malaya amene anali atawagwira. Anaika ndudu pakamwa. Machesi anali atanyowa. Anakhwatcha koyamba, kachiwiri, kachitatu, osayaka. Pofika kachisanu anazindikira kuti akutukwana machesi, pamene mkatimo mwana wawo akulira ngati kamwana ka mphaka posowa mpweya. Anataya zonse m'ngalande. Kuyambira tsiku limenelo sanayatsenso. Ndipo anawalumbiritsa a NyaKayira kuti Tumpale asadzauzidwe, ati mwana asakule akuganiza kuti bambo ake akuvutika chifukwa cha iye.

Nkhani imeneyi inali patsamba lachiwiri lija. Tumpale anaiwerenga Lachisanu, koyamba m'moyo wake. Ndinaona cholembera chikuima pamenepo kanthawi. Kenako chinapitirira.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira.

Zaka zisanu ndi chimodzi asanamwalire kunabwera madzi osefukira aakulu. Mtsinje unaphulika, mpunga wonse wa kumunsi unakwiririka ndi mchenga, ndipo chigayo chinamira mpaka theka. Madzi ataphwa injini inali yodzaza matope. Miyezi itatu sinalire. Ngakhale ikanalira, panalibe wobweretsa mpunga. A Mwakalinga anatsala opanda ndowa yothira m'chigayo, mizere ya m'minda imene ankayendamo itakokoloka. Ndinkawaona akuzungulira bwalo ngati ng'ombe yomangidwa pachikhomo. Anaonda. Milomo inachita zilonda ndi karafuu.

Loweruka lina anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Songwe kukafuna chitsulo cha injini kwa amalonda a kutsidya. Tinapita panjinga. Chitsulocho tinachipeza. Pobwerera anaima pakaokala kena, n'kugula ndudu imodzi. Ine ndinayang'ana kumbali. Anaiika m'thumba la pachifuwa, tinakwera njinga. Titayenda ndithu, pakamlatho kena kopanda nyumba pafupi, anatsika. Anaitulutsa nduduyo n'kuiika pansi pa mphuno. Anatsinzina. Anainunkhiza kuchokera uku mpaka uko, pang'onopang'ono, kubwereza kangapo. Kenako anaiika pakamwa, yosayatsa, n'kukoka mpweya mpaka mapewa kukwera. Ndinaona misozi, kapena linali thukuta, sindikudziwa. Ndiye anaichotsa, anaithyola pakati, anaifikisa m'manja mpaka kukhala fumbi, n'kuwaza m'madzi. Anatsikira kumadziko kukasamba m'manja ndi mchenga.

Atakwera anandifunsa, "Mwaona chiyani, aphunzitsi?"

"Sindinaone kanthu, bambo."

"Ayi, mwaona. Muzikumbukira zimene mwaonazo."

Anachita zimenezi Loweruka lililonse mpaka injini inadzuka. Maulendo enawo ankapita okha.

Amene anawaona akugula anali a Silungwe. A Silungwe anali mkulu wa mpingo mnzawo, komanso wapampando wa komiti ya sukulu yathu. Awiriwa anali ndi chakukhosi. Zaka ziwiri m'mbuyomo mwana wa a Silungwe, bambo wa ana atatu, anayatsa ndudu pafupi ndi mulu wa mankhusu pachigayo, ndipo a Mwakalinga anamuthyola nayo mbama pakamwa pamaso pa azimayi onse. Zoti mankhusu akagwira moto sazimitsika n'zoona. Koma mbamayo inali yaikulu kuposa mlanduwo, ndipo a Silungwe sanaiwale.

Pampingo pathu lamulo ndi loti mkulu wa mpingo sasuta, samwa. Nkhani inafika kwa abusa. Lamlungu lina titaweruka, akulu a mpingo tinatsalira m'kachipinda ka kumbuyo kwa tchalitchi. Ine ndinali mlembi, anandisankha chifukwa cha kalembedwe. Masiku onse misonkhano imeneyi inkachitika m'Chichewa kuti ndizitha kulemba. Tsiku limenelo, popanda wonena, onse analowa m'Chinkhonde. Ndinali nditakhala ku Kaporo zaka zisanu ndi zinayi. Ndinkamva liwu lililonse.

A Silungwe anaimirira n'kufotokoza kuti anawaona ndi maso awo Loweruka katatu, ndipo mayi wa paokala akhoza kuchitira umboni. Abusa anatembenukira kwa a Mwakalinga.

"Munagula?"

"Ndinagula."

"Munasuta?"

"Sindinasute."

"Nanga munkagulira chiyani?"

"Kununkhiza."

Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka. Wina anati kodi munthu amagula usipa kuti azingoununkhiza? Wina anati atambasule zala tizinunkhize ifenso. A Mwakalinga anaika manja kumbuyo. Abusa anatontholetsa anthu, n'kufunsa ngati pali aliyense amene anaonapo nduduzo zikutayidwa.

A Mwakalinga sananditchule dzina. Anangotembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndinaweramira m'buku, n'kumakonza deti limene linali lolondola kale. Chaka chimenecho makolo ena anali atadandaula kuti mphunzitsi wa ku Dowa ana sakumumva, asamutsidwe, ndipo amene anaizimitsa nkhaniyo anali a Silungwe. Ndinali ndi mkazi woyembekezera. Ndinali mlendo. Zifukwa ndinali nazo zambiri, ndipo ndakhala ndikuziwerenga zaka zonsezi, koma palibe ndi chimodzi chomwe chimene chimalemera.

Ataona kuti sindikuweramuka, a Mwakalinga analankhula m'Chichewa, aliyense akumva.

"Aphunzitsi, mukumva zimene zikukambidwa muno, kapena ndikumasulireni?"

"Ndikutsatira pang'onopang'ono, bambo."

"Chabwino. Lembani pang'onopang'onopo."

Ndinalemba. Ndi dzanja langa ndinalemba kuti a Gideoni Mwakalinga achotsedwa paukulu wa mpingo, ndipo aimitsidwa kudya mgonero miyezi isanu ndi umodzi, kufikira adzaime pamaso pa mpingo kuvomera kulakwa kwawo. Lamlungu lotsatira chinalengezedwa kuguwa. Anthu anatembenuka kuwayang'ana. Iwo anakhala chowongoka, akutafuna.

Madzulo a tsiku lomwelo Tumpale anaimba foni kuchokera ku Mzuzu. Foni ya a Mwakalinga inali yokweza mawu, poti khutu limodzi linagontha ndi injini, ndiye bwalo lonse tinamva.

"Tata, mwandichititsa manyazi. Ine kuno tsiku lililonse ndimauza odwala kuti bambo anga anasiya, inunso mungathe. Ndiye ndizinena chiyani tsopano? Bwenzi mutangonena zoona kusiyana n'kunama pamaso pa abusa."

"Ndagha, mwana wanga," anatero. Anamuthokoza, n'kudula foni.

Kuyambira pamenepo a NyaKayira ankanunkhiza malaya awo asanawaviike m'madzi. Sankabisa n'komwe, ankachitira pabwalo. Sanapezepo kanthu, koma sanasiye kununkhiza.

Miyezi isanu ndi umodzi itatha abusa anawatumizira uthenga kuti abwere adzavomere, abwezeretsedwe. Anayankha kuti sangaime m'nyumba ya Mulungu kuvomera bodza pofuna kukhululukidwa bodza. Sanasiye kupita kutchalitchi. Lamlungu lililonse ankavala jekete lawo lakuda, n'kukakhala pabenchi yomaliza pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi ochedwa ndi amayi a ana olira. Tsiku la mgonero mbale ikamayandikira ankapinda manja, wogawa n'kuwadumpha. Kawirikawiri wogawayo ankakhala a Silungwe. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha choncho.

Ine a Mwakalinga sanandithamangitse m'nyumba. Ndikanakonda akanatero. Ankandipatsa moni m'mawa uliwonse, mpunga woyamba ukapunthidwa ankatumiza ndowa kwa mkazi wanga monga kale. Chimene chinatha n'kugogoda kwa mamawa kuja. Sanandiuzenso maloto awo. Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinawapeza akupukuta injini.

"Bambo, za tsiku lija kutchalitchi..."

"Denga likudontha?"

"Ayi, bambo."

"Chitseko chikutsekeka?"

"Chikutsekeka."

"Ndiye ine ndi inu tilibe nkhani."

Chifuwa chinayamba ngati chimfine. Chinakhala miyezi, kenako anayamba kupuma movutika akangoyenda pang'ono, mpaka ulendo wa kumtsinje uja unatheka theka, kenako unalekeka. Ankangonyamuka akadya, kuima atagwira mzati wa khonde, n'kukhalanso. Kuchipatala cha kuboma anawajambula, n'kunena kuti mapapo aonongeka. Anati fodya wakale uja anasiya zipsera, ndipo fumbi la mpunga la zaka zonsezi linamalizitsa. Koma m'mudzi za fumbizo palibe anazimva. Pachitsime, pamsika, ngakhale m'chipinda cha aphunzitsi, mawu anali amodzi: fodya wobisa uja wawapeza. Ndinamva mawu amenewa kangapo ndikumwa tiyi, ndipo tiyiyo ndinamumaliza.

Madokotala atanena kuti palibenso chochita, anabwera nawo kunyumba. Sabata yomaliza ankagona pamatiresi pakhonde, atatsamira mapilo atatu, chifukwa m'nyumba ankati mulibe mpweya. Lachinayi masana kunabwera mng'ono wawo, a Yotamu, kuchokera ku Vinthukutu. A Yotamu ndi msodzi wakale, wosuta mpaka lero, ndevu zachikasu. Ine ndinali nditakhala pa mpando chakumiyendo. A NyaKayira anali pakhomo akupeta mpunga.

A Yotamu anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mkulu wawo akulimbana ndi mpweya. Kenako anapisa m'thumba, natulutsa ndudu ndi machesi.

"Akulu, madokotala anena kale. Palibenso chimene mukusunga. Sutani kamodzi, mtima ukhale pansi."

A NyaKayira anasiya kupeta. Ndinkayembekeza kuti akalipa. Sanatero. Anati, motsitsa, "Apatseni. Avutika mokwana."

A Yotamu anaika nduduyo m'dzanja la mkulu wawo. A Mwakalinga anaikweza pang'onopang'ono mpaka pamphuno. Anatsinzina. Chifuwa chinkalira ngati macheka.

"Yabwino," anatero. "Ya masiku ano ndi yopepuka, koma yabwino."

A Yotamu anatulutsa kamtengo ka machesi.

"Dikira. Aphunzitsi alipo?"

"Ndilipo, bambo."

"Sendezani mpando. Ulendo uno muyang'ane bwinobwino."

Anaigwira ndi manja awiri kuti aithyole. Zala zinalibe mphamvu. Inangopindika. Anapumula, n'kuyesanso. Palibe amene anawathandiza. Kachitatu pepala linang'ambika, fodya n'kukhuthukira pabulangete. Anagwetsa manja ngati munthu amene watula thumba la mpunga.

"Musaganize kuti ndi za Mulungu izi," anatero atapeza mpweya. "Mulungu akudziwa kale. Koma ndikasuta lero, Silungwe akhala kuti ananena zoona."

Anatseka maso. Tinkaganiza kuti agona. Kenako anatsegula maso n'kuyang'ana mng'ono wawo.

"Koma ndikuifuna, Yotamu. Ndikuifuna ngati ndasiya dzulo."

Pamenepo m'pamene ndinalankhula. Ndinawauza a NyaKayira ndi a Yotamu za pakamlatho paja, zonse, ndi zimene ndinachita m'kachipinda ka kutchalitchi. Mawu ankatuluka okha, osalongosoka. A NyaKayira anandiyang'ana nthawi yaitali, lichero lili pamiyendo.

"Zaka zonsezi ndikununkhiza malaya, inu muli kuseri kwa nyumba yanga?"

A Mwakalinga sanatembenuke n'komwe. Sindikudziwa ngati anamva. Anamwalira Lamlungu, anthu ali kutchalitchi.

Pamaliro ulaliki unali wakuti thupi ndi kachisi, ndipo chimene munthu achita mobisa chimadzaonekera poyera. Dzina silinatchulidwe, koma aliyense anadziwa. A Silungwe analankhula m'malo mwa mpingo, anati malemu anali munthu wolimbikira ntchito ngakhale anali ndi zofooka zake monga tonsefe. Sabata yotsatira ndinapita kwa abusa, amene tsopano ndi ena, n'kuwafotokozera zonse. Anandimvetsera bwino. Anatulutsa buku lakale lija, anatsegula, n'kundionetsa tsambalo.

"Dzanja ili ndi la yani?"

"Langa."

"Ndi siginecha iyi?"

"Yanga."

"Ndiye tisinthe bwanji, aphunzitsi? Asiyeni akufa apumule. Mukangodzutsa nkhaniyi mugawanitsa mpingo."

Ndinatula pansi ulembi tsiku lomwelo. Palibe amene anafunsa chifukwa. Anasankha wina wolemba bwino.

A NyaKayira sandilankhula kupitirira moni. Sanandithamangitse nawonso. Mwezi wamawa akupita kukakhala kwa Tumpale ku Mzuzu, ndipo sindikudziwa ngati awiriwo adzaikambe nkhaniyi, kapena aliyense adzangoisunga payekha monga anachitira malemuwo.

Chigayo chinatsekedwa miyezi itatu chimwalirireni. Ana aamuna sanafune kubwerera kumudzi, ndiye injini anaigulitsa kwa munthu wa kutsidya, amene anabwera ndi lole n'kuinyamula Lolemba lina ine ndili m'kalasi. Ndimadutsa pamenepo kawiri patsiku. Chitseko chinachoka, sindikudziwa anatenga ndani. Mkatimo pasimenti patsala mabawuti anayi otuluka m'mwamba pamene panakhala injini, ndi banga lakuda la oyilo pakati pake. Mavu amanga zisa m'mphepete mwa malata. Mvula ikamagwa mbuzi za a neba zimabisalamo, ndipo pansi ponse pali ndowe zake. Mulu wa mankhusu kuseri unaphwa, unada, pamera bonongwe. Nyengo yokolola ino azimayi akudutsa pamsewu ndi ndowa pamutu, kupita kuchigayo chatsopano cha magetsi kumsika, ndipo sayang'anako n'komwe. Masana dzuwa likalowa pamabowo a malata m'nyumbamo mumaoneka fumbi loyera likuyandama, lotsala m'mitengo ya denga, limene likugwabe pang'onopang'ono mpaka lero.